Chimene chimagwira dzira, ndi chimene chimalimasula

Funso: Kodi dzira la nyama yoyamwitsa limayamba liti kukhwima?

Yankho: Limayamba mwini wake asanabadwe. Mwana wamkazi akadali m'mimba, maselo amene adzakhale mazira ake amalowa m'kugawikana kwapadera kotchedwa meiosis, kumene mwa munthu kumachepetsa makromozomu kuchoka pa 46 kufika pa 23. Ntchitoyi imaima ikangoyamba, ndipo imakhala chiimire mpaka mwanayo atatha msinkhu. Dzira lina limadikira zaka 12, lina zaka zoposa 40. Likadali laling'ono, dzira silikhala ndi mapuloteni okwanira oti lipitirize. Chovuta kumvetsa chimadza likakula n'kukhala ndi zonse zofunika, koma n'kumangodikirabe m'kathumba kake kotchedwa follicle. Mfundo yanga ndi yakuti dzira lokula chonchi limakhala logwiridwa ndi maselo olizungulira, ndipo uthenga wa mahomoni umabwera kudzamasula. Lili ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo: chingwe chikaduka, imapita popanda woikusa.

Funso: Umboni wake ndi wotani?

Yankho: Mu 1935, Gregory Pincus ndi E. V. Enzmann anatulutsa mazira a kalulu m'timatumba take n'kuwaika m'madzi owasungira. Popanda homoni iliyonse, mazirawo anapitiriza meiosis okha. Mu 1965, Robert Edwards anaona zomwezo pa mazira a nyama zina ndi a munthu. Kukanakhala kuti dzira limadikira lamulo lochokera kunja, kulichotsa m'thupi kukanaliimitsa kotheratu. Zinachitika ndi zosiyana, choncho choletsacho chinatsala m'kathumba muja. Kuchokera mu 1935, panapita zaka zoposa 70 kuti chidziwike bwino.

M'dzira muli enzayimu yotchedwa CDK1, imene ikalumikizana ndi puloteni ya cyclin B imayambitsa kugawikana. Mphamvu yake anaitulukira Yoshio Masui ndi Clement Markert mu 1971 pa mazira a achule. Enzayimuyi imakhala yozimitsidwa malinga ngati kamolekyu ka cAMP kali kochuluka. Dzira limadzipangira lokha cAMP kudzera mu puloteni ya GPR3, monga anasonyezera Lisa Mehlmann ndi Laurinda Jaffe a ku Connecticut mu 2004, komanso lili ndi enzayimu ya PDE3A imene imaphwanya cAMP yomweyo. Apa ndi pamene maselo olizungulira amagwira ntchito. Maselo a kukhoma la kathumba amatulutsa kapuloteni ka CNP, kamene kamakakhala pa cholandirira chake, NPR2, n'kuchititsa maselo kupanga cGMP. Kamolekyu kameneka kamadutsa m'timipata tolumikiza selo ndi selo mpaka kulowa m'dzira, ndipo kamatsekereza PDE3A. Meijia Zhang ndi John Eppig a ku Jackson Laboratory anasonyeza mu 2010 kuti mbewa zimene CNP kapena NPR2 yawo sigwira ntchito, mazira awo amapitiriza meiosis nthawi isanakwane. Mbewa zopanda PDE3A zimasonyeza mbali inayo: mazira amatuluka osakhwima, ndipo zazikazi sizibereka.

Funso: Nanga homoni ya LH, imene aliyense amati ndiyo imakhwimitsa dzira, ntchito yake ndi yotani?

Yankho: Ntchito yake ndi yaikulu, koma dzira silimva LH mwachindunji. Zolandirira zake zili pa maselo akunja a kathumba, patali ndi dzira. LH ikachuluka pakati pa mwezi, maselowo amafooketsa NPR2, amachepetsa CNP, amaphwanya cGMP imene ilipo, ndipo timipata tija timatsekeka kwa kanthawi. Amatulutsanso mapuloteni onga EGF, monga amphiregulin ndi epiregulin, amene gulu la Marco Conti linapeza mu 2004 kuti amafikitsa uthengawo ku maselo okuta dzira. Mapeto a zonsezi ndi amodzi: cGMP imatsika m'dzira, PDE3A imadzuka, cAMP imaphwanyidwa, CDK1 imayaka. Mwa munthu ulendowu umatenga maola pafupifupi 36, ndiye chifukwa chake madokotala a IVF, njira yokumanitsa dzira ndi mbewu ya bambo mu labotale, amatenga mazira patatha maola ofanana ndi amenewo atabaya jekeseni wa hCG, homoni yogwira ntchito ngati LH.

Funso: Kodi sitikuchepetsa dzira polisandutsa chinthu chongomvera?

Yankho: Ayi, ndipo pano ndi pamene nkhaniyi imandikoka mtima kwambiri. Dzira limatulutsa mapuloteni a GDF9 ndi BMP15 amene amalangiza maselo olikuta mmene akulire, ndipo mwa mbewa amathandiza kuti maselowo akhale ndi NPR2 yokwanira. Dzira limathandiza nawo kukonza chimene chikuligwira. Nkhosa za Inverdale ku New Zealand zimasonyeza kulemera kwa mawu a dzira: yotenga jini yolakwika ya BMP15 kwa kholo limodzi imatulutsa mazira ambiri, yotenga kwa makolo onse awiri imakhala yosabereka.

Funso: Zambiri mwa izi zinapezeka pa mbewa. Tingazikhulupirire bwanji pa munthu?

Yankho: Kukayika kumeneku n'koyenera, chifukwa nyama zimasiyanadi. Mwa chule, homoni ya progesterone imalankhula ndi dzira mwachindunji, ndipo mbewa yopanda BMP15 imaberekabe pomwe nkhosa imalephera. Komabe phata la nkhaniyi limaoneka mobwerezabwereza. Mankhwala otsekereza PDE3A amaimitsa mazira a munthu ngati a mbewa, ndipo CNP imachedwetsa meiosis mwa ng'ombe, nkhumba ndi anthu. Mwa nyama zoyamwitsazi njirayo ndi imodzi, chosiyana ndi liwiro ndi mlingo wake.

Funso: Ngati kulimasula kuli kokwanira, n'chifukwa chiyani mazira okhwimitsidwa mu labotale kawirikawiri sabereka bwino ngati okhwimira m'thupi?

Yankho: Chifukwa kukhwima kuli pawiri. Makromozomu angathe kugawikana msanga pomwe thupi la dzira lisanamalize kusonkhanitsa zimene mluza udzadalira m'masiku oyamba. Dzira liyeneranso kukonzekera kuimanso kachiwiri pa gawo la meiosis lotchedwa metaphase II, mpaka mbewu ya bambo italowa ndi enzayimu ya PLC-zeta imene imayambitsa mafunde a kashiamu. Dzira lotulutsidwa m'kathumba modzidzimutsa limathamanga lisanakonzeke. Apa tikuona kuti kugwiridwa kuja kumapatsa dzira nthawi yomaliza ntchito yake. Ofufuza a ku Brussels ndi Ho Chi Minh City anatsatira nzeru imeneyi pa njira ya CAPA-IVM: amayamba asunga dzira mu CNP kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti lisapitirize, kenaka amalipatsa amphiregulin kapena mahomoni kuti limasuke. Ana abadwa kale mwa njirayi, ndipo imathandiza makamaka amayi odwala matenda a mahomoni otchedwa PCOS, amene jekeseni wambiri wa mahomoni angawaike pachiswe.