Ndani amalemba ndondomeko ya mowa?

Bungwe la FORUT linakhazikitsidwa ku Norway mu 1981 ndi magulu olimbikitsa anthu kupewa mowa, ndipo likulu lake lili m'tauni ya Gjøvik. Ku Malawi lakhala likugwira ntchito ndi bungwe la Drug Fight Malawi pa nkhani za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Ntchito ya FORUT yodziwika kwambiri ndi ya mu 2010, pamene akatswiri ake awiri, Øystein Bakke ndi Dag Endal, anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Addiction. Awiriwa anayerekeza zikalata zoyambirira za ndondomeko ya mowa za ku Malawi, Lesotho, Botswana ndi Uganda, napeza kuti zinali zofanana pafupifupi liwu ndi liwu. Zizindikiro za m'kompyuta zosonyeza yemwe analemba zikalatazo zinaloza kwa mkulu wina wa SABMiller, kampani yofulula mowa, ndipo misonkhano yokambirana zikalatazo inkathandizidwa ndi ICAP, bungwe lomwe ndalama zake zinkachokera kumakampani a mowa. Fisi anali atapatsidwa ntchito yomanga khola la mbuzi.

Zikalatazo zinkatsindika zophunzitsa anthu kumwa mwanzeru ndi kulola makampani kudzilamulira okha. Njira zomwe bungwe la WHO limati n'zothandizadi, monga kukweza msonkho, kuchepetsa malo ndi nthawi yogulitsira mowa komanso kuletsa kuutsatsa, zinangodutsidwa pamwamba. Chifukwa chake n'chosabisika: njirazi zimachepetsa malonda.

Ku Malawi ntchito yolemba ndondomeko ya mowa inayambiranso, mabungwe omwe si aboma akutengapo mbali, ndipo unduna wa zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko ya dziko mu 2017. Zisanafike apo, mu 2015 boma linaletsa mowa wa m'masacheti, womwe unkagulitsidwa motchipa moti ngakhale ana asukulu ankaukwanitsa. Mowa waukaliwo unabwereranso m'timabotolo ta pulasitiki, ndipo kachasu wofululidwa m'midzi ndi m'makwalala sakhudzidwa ndi msonkho uliwonse.

Ngakhale ndondomekoyo ilipo, thandizo kwa amene mowa kapena chamba chawamanga likadali lochepa. Ambiri amadalira chipatala cha anthu odwala maganizo cha Zomba ndi malo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komwe odwala amagonekedwa kwa masabata angapo, kulandira uphungu, kenako n'kubwerera kwawo achibale atalangizidwa za mmene angawathandizire.