Agogo Akayamba Kuiwala: Kusankha Malo Owasungira

M'nkhani yathu ya lero tikamba za funso limene mabanja ambiri amalimbana nalo mwakachetechete. Funsolo ndi ili: kodi munthu wokalamba wa pakhomo pathu akadwala matenda a kuiwala, timsungire kuti, ndipo amsamale ndani?

Tiyerekeze banja lina la alimi a fodya ndi mtedza ku Chipangali, dera limene linapatulidwa ku Chipata ndi kukhala boma palokha m'chaka cha 2018. Pakhomopo pali agogo aakazi a zaka zoposa 75. Kale iwowa ndiwo anali kulangiza anamwali a m'mudzimo, ndipo anali kudziwa mzere wonse wa makolo a mbumba yawo. Tsopano amatereka mphika pamoto naiwala, kufikira ndiwo zonse zipserera. Amafunsa funso limodzi kasanu dzuwa lisanafike pamutu. Amanena kuti mdzukulu wawabera nsalu, pamene eni akewo anaibisa m'nkhokwe. Tsiku lina anthu anawapeza m'bandakucha m'dimba la eni, opanda chofunda, akuti ali pa ulendo wokaona mai awo amene anamwalira kalekale. Mwana wawo wamkazi amene akhala nawo watopa, ndipo mlongo wake wogwira ntchito ku Lusaka watumiza mau akuti amai apezeredwe malo ku nyumba yosungira okalamba. Kodi banja limeneli liyambire pati?

Matenda ake ndi otani

Tonse timaiwala, ndipo munthu akamakula kuiwalako kumachulukirako pang'ono. Koma kuiwala kumene waika khasu n'kosiyana ndi kuiwala ntchito ya khasulo. Munthu akafika polephera kuzindikira njira ya kunyumba kwake, kuwerenga ndalama, kuvala bwino kapena kudziwa ana ake omwe, pamenepo pali matenda, amene madokotala amawatcha dementia. Si ukalamba chabe ai, pakuti pali anthu ambiri a zaka 90 amene nzeru zawo zili zakuthwa.

Matendawa amadza chifukwa cha kuonongeka kwa tizigawo ting'onoting'ono ta ubongo. Mtundu wake wofala koposa ndi matenda a Alzheimer, otchedwa ndi dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anawafotokoza m'chaka cha 1906. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa odwala 100 alionse, 60 kufikira 70 ali ndi mtundu umenewu. Mtundu wina umadza pamene mitsempha yopereka magazi ku ubongo yatsekeka kapena kuphulika, monga zichitikira kwa anthu odwala kuthamanga kwa magazi, shuga ndi sitiroko. Bungwe lomwelo linawerenga kuti m'chaka cha 2021 panali anthu 57 miliyoni odwala dementia pa dziko lapansi, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse anali m'maiko osauka ndi otukuka pang'ono monga lathu lino. Choncho asatinamize munthu kuti awa ndi matenda a Azungu okha.

Si ufiti

Pano ndifuna kuti mumvetsetse bwino, makamaka inu achinyamata. Wodwala dementia amasokoneza usiku ndi usana, amatuluka panja anthu ali mtulo, nthawi zina atavula, ndipo amasochera. Akafunsidwa mwaukali amavomera chilichonse, chifukwa samvetsa chimene afunsidwa. M'midzi yathu zizindikiro zimenezi zachititsa kuti okalamba ena atchedwe mfiti zimene zagwa pa ulendo wa usiku, ndipo ena amenyedwa kapena kuphedwa kumene. Uku ndi kulanga munthu chifukwa cha kudwala. Lamulo loletsa za ufiti, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1914 ndipo lili pa Mutu 90 wa malamulo a Zambia, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Banja limene likuopsezedwa motere likadziwitse anyakwawa ndi amfumu, ndiponso apolisi a nthambi ya Victim Support Unit.

Yambani ndi chipatala

Musanakambe za kusamutsa agogo, pitani nawo ku chipatala. Chifukwa chake n'chakuti pali matenda ena amene amafanana ndi dementia koma amachizika. Wokalamba amene wasokonezeka mutu mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu okha, kawirikawiri amakhala ndi malungo, chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo afunika kuthamangira naye ku chipatala tsiku lomwelo. Kuchepa kwa vitamini B12 m'thupi, kufooka kwa chithokomiro, chindoko chokhalitsa, kachilombo ka HIV, mowa, kuvutika maganizo, ngakhalenso magazi oundana m'mutu munthu atagwa, zonsezi zingabweretse kuiwala, ndipo zili ndi chithandizo chake.

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko. Iwo akaona kuti n'kofunika adzakulemberani kalata yopita ku Chipata Central Hospital, ndipo odwala ofuna akatswiri a matenda a maganizo angathe kutumizidwa ku Chainama Hills Hospital ku Lusaka. Popita, mutenge munthu amene amakhala ndi wodwalayo tsiku ndi tsiku, pakuti iyeyo ndiye angafotokoze pamene vutolo linayambira ndi m'mene lakulira. Mutengenso mankhwala onse amene wodwalayo akumwa, a ku chipatala ndi achikuda omwe.

Dokotala akatsimikiza kuti ndi dementia, dziwani kuti kufikira lero palibe mankhwala oichiza. Alipo ena ochepetsako zizindikiro kwa kanthawi, koma matendawo amakula pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Musagulitse ng'ombe kapena munda chifukwa cha munthu wolonjeza kuti awachiza.

Kusunga agogo pakhomo

Kwa odwala ambiri, malo abwino koposa ndi pakhomo pamene anazolowera. Munthu amene nzeru za zinthu zatsopano zikumthawa amatsamira pa zinthu zakale: mtengo wa mango wa pabwalo, mau a adzukulu, nyimbo za ku tchalitchi, chinenero chake. Akasamutsidwa mwadzidzidzi kusokonezeka kwake kumakula.

Pakhomopo pafunika kukonzedwa. Agogo asatsale okha pafupi ndi moto kapena chitsime. Mankhwala a fodya ndi a thonje, pamodzi ndi mankhwala osungira chimanga, atsekeredwe kutali. Nthawi ya kudya, kusamba ndi kugona ikhale imodzimodzi masiku onse. Apatseni tintchito timene manja awo akumbukira, monga kusenda mtedza kapena kutongola chimanga. Akanena zinthu zosakhala zoona musalimbane nawo, koma muwatembenuzire ku nkhani ina mofatsa. Anansi onse adziwitsidwe za matendawo, kuti akawaona akuyenda okha awabweze kunyumba mwaulemu.

Mutu umodzi susenza denga. Kawirikawiri ntchito yonseyi imagwera mkazi mmodzi, kapena mtsikana amene amasiyitsidwa sukulu kuti azilera agogo. Ichi n'cholakwa. Abale agawane masiku, ndipo amene ali m'tauni atumize ndalama za sopo, zofunda ndi ulendo wa ku chipatala, kapena alipire munthu wodalirika wa m'mudzimo kuti azithandiza usana. Boma nalonso lili ndi thandizo la ndalama la Social Cash Transfer, limene linayambira ku Kalomo m'chaka cha 2003. Kuno kum'mawa, boma la Katete ndilo linayeserapo kupereka ndalama kwa okalamba a zaka 60 ndi kuposerapo kuyambira m'chaka cha 2007. Mabanja osauka okhala ndi munthu wokalamba ali m'gulu la amene angalembedwe, ndipo zimenezi mungafunse ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu.

Pamene pakhomo palephera

Komabe ilipo nthawi imene kusunga wodwala pakhomo kumasanduka ngozi. Mwina palibe mbale wamphamvu amene watsala, mwina wosamalayo nayenso ndi wokalamba kapena wodwala, mwina agogo amasochera kawirikawiri, kapena moyo wawo uli pa chiswe chifukwa cha anthu owanenera ufiti. Banja likayamba kumanga wodwala ndi chingwe kapena kumtsekera m'nyumba tsiku lonse kuti anthu apite kumunda, chimenecho ndi chizindikiro chakuti thandizo lina lifunika. Pamenepo kuganiza za nyumba yosungira okalamba si kutaya kholo ai.

Nyumba zotere m'dziko lathu n'zowerengeka. Boma limayendetsa ya Maramba ku Livingstone ndi ya Chibolya ku Mufulira. Zina zili m'manja mwa mipingo, monga ya Mitanda ku Ndola imene imayendetsedwa ndi a Salvation Army, ndi ya Divine Providence ku Chawama mu Lusaka, ya Akatolika. Pali zinthu ziwiri zoti banja la ku Chipangali lizilingalire bwino. Choyamba, nyumba zambiri zotere zinakhazikitsidwa kuti zithandize okalamba osowa abale ndi pokhala, kotero malo ndi ochepa, ndipo a Social Welfare amayamba afufuza ngati palibedi wina wowasunga. Chachiwiri ndi mtunda. Kuchokera ku Chipata kufika ku Lusaka pa msewu wa Great East pali makilomita oposa 550, ndipo kufika ku Livingstone ndi oposa 1,000. Mlimi amene amaona ndalama kamodzi pa chaka, atagulitsa fodya, angathe kukaona mai ake kangati pa mtunda wotere? Tsono m'chitsanzo chathu chija, nyumba ya ku Lusaka ingakhale yoyenera pokhapokha ngati mwana wa kumeneko alonjeza kumakawaona sabata ndi sabata.

Zoyang'ana posankha

Safunsa anadya phula. Musapereke kholo lanu ku malo amene simunawaone ndi maso. Pitaniko kawiri, ndipo ulendo umodzi ukhale wosapanganika, makamaka pa nthawi ya chakudya. Funsani ngati nyumbayo ikudziwika ndi a Social Welfare. Funsani kuti osamala alipo angati usana, ndipo alipo angati usiku, popeza odwala dementia ambiri amavutika dzuwa likamalowa ndi usiku. Funsani ngati pali namwino, ngati antchito anaphunzitsidwa za matenda a kuiwala, ndi chimene amachita wokalamba akadwala pakati pa usiku.

Kenaka penyani okalamba amene ali pamenepo. Kodi ndi osamba, ovala zoyera? Kodi ali panja kucheza, kapena onse ali chigonere masana, ngati anthu opatsidwa mankhwala ogonetsa? Kodi amene sangathe kudya okha pali wowadyetsa moleza mtima? Mvetserani m'mene antchito amawaitanira, ngati ndi mwaulemu kapena mokalipa monga aitanira ana. Onani zimbudzi ndi mosambira ngati muli pogwira ndipo simuterera, ndiponso ngati pali mpanda woti munthu angayende m'katimo momasuka osasochera. Musaiwale za chinenero. Wodwala dementia amayamba kutaya zinenero zimene anaphunzira atakula, natsala ndi cha kwa mai ake. Agogo olankhula Chinyanja chokha adzakhala ngati mlendo wosowa womumva pa malo amene onse alankhula Chibemba kapena Chitonga.

Pomaliza, za ndalama zimveke poyera ndipo zilembedwe: zolipira pa mwezi ndi zingati, zikuphatikiza chiyani, ndani adzagula mankhwala, ndipo imfa ikadza ndani adzanyamula maliro kubwera nawo kumudzi. Funsaninso ngati abale ali ndi ufulu wofika nthawi iliyonse ndi kutenga wodwalayo kukacheza kunyumba.

Chigamulo chikhale cha banja lonse

Nkhani yotere isagamulidwe ndi mwana mmodzi chifukwa chakuti ndiye ali ndi ndalama. Mwini mbumba aitane ana onse, ndipo mau a amene wakhala akusamala wodwalayo amveke poyamba. Agogo eni ake afunsidwe pamene akali ndi mphamvu yonena chofuna chawo, pa za kumene afuna kukhala, za munda wawo ndi ziweto zawo. Lamulo la za umoyo wa maganizo la m'chaka cha 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, limatsindika kuti wodwala maganizo ali ndi ufulu ndi ulemu monga munthu wina aliyense.

Ngati mwagwirizana zowapereka, apite ndi zinthu zawo zimene azolowera, monga chitenje, mpando, buku la nyimbo ndi zithunzi za ana. Muuze osamalawo mbiri yawo, dzina limene amakonda kuitanidwa nalo, ndi chakudya chimene amadana nacho. Ndipo muzipita kukawaona, ngakhale itafika nthawi yakuti sakukuzindikiraninso. Dzina lanu angaliiwale, koma amamva kukoma kwa dzanja lowagwira mwachikondi, ndiponso wokalamba amene abale ake amafika kawirikawiri sanyalanyazidwa.

Inu aphunzitsi, kambiranani nkhaniyi ndi ana m'kalasi, makamaka pofika pa 21 September, tsiku limene dziko lonse limakumbukira matenda a Alzheimer. Afunseni anawo chimene angachite atapeza wokalamba wosochera m'njira ya kusukulu. Yankho loyenera ndi kumpatsa moni, kumkhazika pamthunzi, kumpatsa madzi, ndi kuitana munthu wamkulu. Makolo athu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Iwo anatisunga pamene sitinali kudziwa kanthu, ndipo tsopano ndi nthawi yathu yowasunga.