Kodi mumadziwa?

Kodi mumadziwa kuti anthu a ku Kaunda Square anakhalapo ndi phungu yemwe ankadziwa za mafuta ndi magetsi, kuyendetsa bizinesi, komanso kutsogolera chipani? Ameneyu anali mayi Edith Nawakwi, omwe anapambana mpando wa Munali pa chisankho cha 2001. Dera la Munali ndi lomwe muli Kaunda Square, Mtendere ndi Kalingalinga.

Mayi Nawakwi anabadwa mu 1959 m'dera la Nakonde. Anaphunzira za chuma pa Yunivesite ya Zambia, kenaka anakapitiriza maphunziro a chuma cha mphamvu zamagetsi ndi mafuta ku Imperial College, ku London. Luso limeneli linawathandiza atakhala nduna ya zamagetsi ndi madzi m'boma la Frederick Chiluba. Mu 1998 anakhala mayi woyamba kukhala nduna ya zachuma m'dziko la Zambia.

Mu 2001 anasiyana ndi chipani cholamula cha MMD pokana kuti a Chiluba aimenso kachitatu pa upulezidenti, ndipo anali m'gulu la omwe anayambitsa chipani cha Forum for Democracy and Development. Mu 2005 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipanicho. Pamenepa mpamene kulimba mtima kwawo kunaonekera: anapikisana nawo pa upulezidenti mu 2011, 2015 ndi 2016, nthawi zonse ali mayi yekha pakati pa abambo.

Ku bizinesi, ambiri amawakumbukira ndi masoseji a Legana.

Mayi Nawakwi anamwalira mu Epulo 2025 ku Johannesburg.