Kodi mumadziwa? Ma transistor a nambala imodzi safanana mphamvu

Ma transistor awiri a nambala imodzi, ochokera m'fakitale imodzi, sakulitsa magetsi mofanana ayi. Pepala lofotokoza transistor ya 2N3055, yotchuka ija imene kampani ya RCA inatulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, limati mphamvu yake yokulitsira, yotchedwa hFE, ingagwe paliponse pakati pa 20 ndi 70. Toshiba nayo imaika 2SC5200 ndi inzake 2SA1943 m'magulu potengera hFE: chilembo R ndi 55 mpaka 110, pamene O ndi 80 mpaka 160.

N'chifukwa chake odzipangira okha ampulifaya amayamba ayeza n'kusankha ofanana. Mu ampulifaya zambiri, transistor ya mtundu wa NPN imakankha sipika ndipo ya mtundu wa PNP imaikoka. Zikasiyana kwambiri, nyimbo sizituluka zoyera.

Koma vuto lenileni lili pa ma transistor olumikizidwa pamodzi kuti agawane ntchito. Imene yatenthako imayamba kumeza magetsi ochuluka kuposa anzake, popeza mphamvu yofunika kuiyatsa imatsika ndi mamilivoti pafupifupi 2 pa digiri iliyonse. Ikameza imatentheratu, mapeto ake n'kupsa. Timaresistor ta 0.22 ohm pa emitter ndi timene timaletsa dyera limeneli.

Kabowo ka hFE ka pa multimeter musakakhulupirire kwenikweni, kamayeza ndi magetsi ochepetsetsa. Yezani transistor pa magetsi oyandikira amene idzagwirire ntchito, ndipo musaigwire ndi zala poyeza, kutentha kwa thupi kokha kumasintha nambala.