Kuchoka pa wekishopu kukafika pa digiri yachiwiri

M'koleji ya ntchito zamanja, mphunzitsi wodziwa ntchito yake amadziwika ndi khutu. Wophunzira akamawotcherera chitsulo kuseri kwa chotchinga, iye ali chapatali amamva kuthetheka kwa moto n'kukuwa kuti, "Iwe, moto wachuluka uwo, ubowola chitsulocho!" Ndinawaonapo bambo ena otere, ovala ovolosi yabuluu yosuluka m'mawondo, amene manja awo adutsamo anyamata ndi atsikana osawerengeka. Koma itakwana nthawi yokonzanso silabasi ya maphunziro omwewo, okakhala pa tebulo anali ena, a mapepala okulirapo. Bambowa anangolandira buku litasindikizidwa kale, n'kumapukusa mutu pa tsamba lililonse.

Digiri yachiwiri, imene ambiri timangoti masters, siwonjezera luso la kuwotcherera kapena kupala thabwa. Ntchito yake ndi kumufikitsa munthu pa tebulo lija: pamene amalemba masilabasi, amaphunzitsa aphunzitsi anzake, amayendetsa koleji, kapena amafufuza chimene chikuchititsa kuti makina a m'fakitale aziima kawiri pa sabata. Amene akufuna kudziwa makina atsopano basi, kosi ya miyezi itatu ingamuthandize kuposa zaka ziwiri za m'laibulale. Ndi bwino kuzindikira zimenezi musanagulitse ng'ombe.

Makwerero ake amayambira pansi. Maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999. Wophunzira wa pa Soche, Nasawa, Namitete, Lilongwe, Salima, Mzuzu kapena Livingstonia, ngakhalenso wa m'makoleji a m'madera omwe anayamba mu 2015, amakwera magawo anayi, ndipo gawo lachinayi ndi dipuloma. Dipuloma payokha sikufikitsani ku masters. Pakati pake pali digiri yoyamba, ndipo apa ndi pamene amisiri ambiri amaima. Khomo lilipo ndithu: masukulu a ukachenjede amalandira anthu a dipuloma amene agwirapo ntchito, kudzera m'njira yotchedwa mature entry. Kwa mphunzitsi wa ntchito zamanja, malo odziwika ndi ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, pa sukulu imene kale tinkaitcha Polytechnic. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1965, inakhala nthambi ya University of Malawi kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira mu 2021 ikuyima payokha ndi dzina la MUBAS. Kumeneko n'kumene kwakhala kukusulidwa aphunzitsi a maphunziro a luso, pamodzi ndi mainjiniya. Ku Ndata m'boma la Thyolo kulinso MUST, yomwe inatsegula zitseko mu 2014, ndipo mtima wake uli pa sayansi, uinjiniya ndi luso la mafakitale.

Kalowedwe ka digiri yachiwiri n'kosiyana ndi ka yoyamba, ndipo makolo ambiri amasokonezeka pamenepa. Mwana wa Fomu 4 amatumiza fomu yake ku bungwe la NCHE, n'kudikira kuti dzina lituluke pa mndandanda wa osankhidwa. Wa masters sadikira kusankhidwa ndi wina aliyense. Sukulu imalengeza yokha m'nyuzipepala ndi pa intaneti, inu n'kulembera ku ofesi ya rejisitala. Kawirikawiri amafuna satifiketi ya digiri yoyamba, chikalata choonetsa mmene munakhozera phunziro lililonse, makalata a anthu awiri kapena atatu okuchitirani umboni, ndi risiti ya ku banki yoonetsa kuti mwalipira ndalama ya fomu. Madipatimenti ena amafunsanso zaka zimene mwagwira ntchito, ena amafuna tsamba limodzi kapena awiri ofotokoza zimene mukufuna kudzafufuza. Chikalata cha magiredi chija chiitanitseni msanga. Ine changa chinanditengera maulendo anayi pa ofesi ina, ndipo tsiku limene ndinachigwira m'manja, nthawi yolandira mafomu inali itatha dzulo lake.

Musanalipire tambala, funsani funso limodzi: kodi pulogalamuyi ndi yovomerezeka? NCHE, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, imachita zinthu ziwiri zosiyana. Imalembetsa sukulu, kutanthauza kuti yaloledwa kutsegula zitseko. Imavomerezanso pulogalamu iliyonse payokha, itaona aphunzitsi, mabuku, zipangizo ndi kayendetsedwe ka mayeso. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa bwinobwino, pulogalamu imene mukufunayo isanavomerezedwe. Pa maphunziro a luso nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa chikwangwani chokongola n'chotsika mtengo kusiyana ndi wekishopu yokhala ndi makina oyenda. Bwana wa ku ofesi yolemba anthu ntchito sadzamvera zoti "anatiuza kuti zili m'njira".

Mukalowa, ulendo nthawi zambiri ndi wa zaka ziwiri. Chaka choyamba ndi cha m'kalasi: kakonzedwe ka silabasi, kayesedwe ka luso la wophunzira, kayendetsedwe ka koleji, ubale wa sukulu ndi mafakitale, njira zochitira kafukufuku. Wa mbali ya mafakitale amakumana ndi za kayendetsedwe ka ntchito yopanga katundu, kasamalidwe ka makina, chitetezo cha ogwira ntchito ndi miyezo ya katundu, yofanana ndi imene Malawi Bureau of Standards imayang'ana. Poti ambiri amakhala ali pa ntchito, maphunziro amaikidwa m'zigawo za sabata zingapo kapena kumapeto kwa sabata. Chaka chimenechi n'cholemetsa thumba ndi tulo, koma anthu amachidutsa.

Pogona nkhani ndi pa chaka chachiwiri. Palibenso belu, palibe anzanu okukumbutsani za mayeso a mawa. Dipatimenti imakupatsani supavaiza, mphunzitsi wokuyang'anirani, ndipo mumalemba dongosolo la kafukufuku wanu n'kukaliteteza pamaso pa gulu la aphunzitsi. Ngati mudzafunsa anthu mafunso, monga ophunzira kapena amisiri a m'fakitale, muyenera kupeza chilolezo cha komiti yoona kuti ofunsidwawo sakuphwanyiridwa ufulu. Makomiti amenewa amatsata malamulo a bungwe la sayansi ndi luso la NCST. Kenako mumapita kukatolera zimene mukufuna, n'kulemba, supavaiza n'kubweza, inu n'kulembanso. Buku la kafukufukuyo likatha limapita kwa oyesa awiri, wina wa pa sukulu pomwepo, wina wa kunja amene sakukudziwani. M'masukulu ambiri mumaitanidwanso kukayankha mafunso pamaso. Mukakonza zimene akuuzani, dzina lanu limapita ku seneti ya sukulu, ndipo ikavomereza m'pamene mungayambe kuyesa mkanjo.

Amene amathera panjira, ambiri amathera apa, ndipo si chifukwa cha umbuli. Amasankha mutu waukulu ngati phiri la Mulanje: "mavuto a maphunziro a luso m'Malawi". Mutu wotere ulibe pogwira. Mphunzitsi wa zomangamanga ali ndi mafunso abwino pakhomo pake pomwe. Ophunzira ake akapita kukaphunzira ntchito pa kampani, amapatsidwa chopangira pulani kapena amangotumidwa kukanya matope? Atsikana amene analembetsa zamagetsi chaka choyamba, atsala angati chaka chachitatu, ndipo enawo anachokeranji? Makina amene koleji ikuphunzitsira akufanana ndi amene ali m'mafakitale a ku Makata ndi ku Kanengo? Funso laling'ono lotere limatha m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo yankho lake mkulu wa koleji angaligwiritse ntchito Lolemba lotsatira. Za supavaiza, pemphani kuti mugwirizane masiku okumana ndipo zonse zizilembedwa. Akakhala chete miyezi iwiri, malamulo a sukulu amakulolani kukadandaula kwa mkulu wa dipatimenti kapena woyang'anira maphunziro a digiri yachiwiri. Kudandaula koteroko si mwano ayi.

Tsono ndalama. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, limene linayamba ndi lamulo la mu 2015, kwenikweni limathandiza a digiri yoyamba, choncho wa masters amadalira thumba lake, abwana ake kapena thandizo lapadera. Wa m'boma amapempha tchuthi cha maphunziro kudzera ku unduna wake ndi dipatimenti yoona za ogwira ntchito m'boma, ndipo akalipiriridwa amasayina pangano loti akamaliza adzagwira ntchito zaka zakutizakuti asanachoke. Panganolo liwerengeni lonse, chifukwa mukaliphwanya mudzabweza ndalamazo. Wa m'kampani akumbukire kuti olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa TEVET, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, womwe MRA imatolera. Msonkho umenewu si fizi ya masters ya munthu, koma umatipatsa tonse chifukwa chofunsa ngati aphunzitsi a m'makoleji athu akupatsidwa mwayi wokwera.

Kunja nakonso kuli njira. Ku Britain masters yambiri ndi ya chaka chimodzi, ndipo thandizo la Chevening limafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, komanso kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Kulinso thandizo la Commonwealth ndi la DAAD la ku Germany, dziko limene limatchuka pophunzitsa amisiri mbali ina m'kalasi, mbali ina m'fakitale. Ku South Africa amayamba atumiza mapepala anu ku bungwe la SAQA kuti liwayeze, ndipo ena amauzidwa kuti ayambe achita chaka cha honours. Mukabwera nayo digiri ya kunja, ipititseni ku NCHE kuti aiyeze, makamaka ngati munaiphunzira pa intaneti.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu January 2021, anaika mafakitale ngati umodzi mwa mizati yake itatu. Fakitale imafuna amisiri, amisiri amafuna aphunzitsi, ndipo aphunzitsiwo amafuna wina wowaphunzitsa amene anagwirapo sipanala. Ine ndingakonde kuti pa tebulo la silabasi pazikhala anthu a khutu ngati la bambo a ovolosi aja, kusiyana ndi odziwa mabuku okhaokha amene sanapsepo ndi chitsulo chamoto.

Ngati ndinu mmodzi wa iwo, yambani sabata ino ndi zinthu ziwiri. Lembani kalata yoitanitsa chikalata cha magiredi anu, ndipo tsegulani mndandanda wa NCHE muone ngati pulogalamu imene mukuifunayo ilipo ndi dzina lake lenileni.