Abusa a Ng'ombe ndi Luso Lodziwa Msipu m'Madambo a ku Nkhoma

Ng'ombe ilibe mano akutsogolo m'nsagwada ya m'mwamba, kotero ikamadya imakulunga udzu ndi lilime, n'kuupanikiza pakati pa mano am'munsi ndi nkhama yolimba, kenako n'kuudula potukula mutu. Ntchito yonse ya abusa a m'madambo a ku Nkhoma, Nathenje ndi Mitundu yagona pa kadyedwe kameneka, pakuti chokhutitsa ng'ombe ndi masamba amene lilime lingakokere m'kamwa nthawi imodzi, ngakhale dambo litadzaza udzu wofika m'khosi mwa munthu. Akatswiri a za ziweto amati nkhaniyi ndi ya kaimidwe ka msipu, kutanthauza kutalika kwa udzu, kuthithikana kwake, ndiponso mmene masamba, mapesi ndi zouma zakhalira kuchokera patsinde kufika kunsonga.

M'chaka cha 1973, katswiri wina wa ku Australia, T. H. Stobbs, anaonetsa kuti udzu wautali wa m'maiko otentha umakhala ndi masamba otalikirana, motero ng'ombe imapata zochepa pa kuluma kulikonse. Imayesa kulumaluma msanga ndi kutalikitsa nthawi yodya, koma ili ndi polekezera chifukwa iyeneranso kugona pansi n'kubzikula. Abusa odziwa ntchito amaziona zimenezi tsiku ndi tsiku. Iwo amati ng'ombe zikaweramitsa mitu pamalo amodzi ndiye kuti msipu ulipo, koma zikayamba kuyendayenda n'kumangobudula nsonga, ndiye kuti udzu wakhwima ndipo nthawi yosamuka yakwana. Madzulo mbusa amayang'ana dzenje la kumanzere kwa mimba, kuseri kwa nthiti yomaliza, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli chifu chachikulu: likafufuma ndiye kuti ng'ombe yakhuta, likaphwa yagona ndi njala. Ndowe nazonso zimamuuza zambiri, popeza zofewa zimasonyeza msipu wanthete pamene zouma ndi zamizeremizere zimasonyeza udzu wopanda thanzi.

M'miyezi ya Disembala ndi Januwale msipu umakhala wa masamba okhaokha, koma pofika Malichi ndi Epulo tsekera amakhala atatulutsa ngayaye n'kusanduka mapesi, ndipo zakudya zomanga thupi za muudzu zikatsika kufika pansi pa magawo 7 pa 100 aliwonse, tizilombo tam'chifu timene timagaya udzu timafooka, ng'ombe n'kuyamba kuonda ili pakati pa udzu wambiri. Pa chifukwa chimenechi abusa amakonda malo a kapinga, udzu woyanga umene umaphukiranso ukadyedwa, ndipo amaubwerera mosinthasintha kuti usakhwime. Apa ndi pamene pali luso lenileni, pakuti kapinga yemweyo akadyedwa mpaka kufika panthaka, lilime limasowa pogwira, mizu imafooka, ndipo m'njira zopita kumadzi mumayamba zigwembe. Mbuzi ndi nkhosa, zomwe zimabudula ndi milomo, zimapezabe chakudya pamalo pamene ng'ombe yalephera.

Komabe mbusa wa masiku ano sapatsidwa mpata wogwiritsa ntchito zimene akudziwa. Nthawi ya dzinja mtunda wonse umakhala minda ya chimanga, fodya, mtedza ndi soya, ng'ombe n'kupanikizidwa m'dambo, ndipo chilimwe chikafika dambo lomwelo limatchingidwa ndi mipanda ya madimba a matimati ndi kabichi, kwina n'kukumbidwa maenje a njerwa. Dandaulo la abusa ndi lakuti munthu sangapumitse busa pamene palibe kwina kolowera. Kuopa akuba kumachititsa kuti ng'ombe zituluke m'khola dzuwa litakwera, zitataya maola ozizira a m'mawa amene zimadya bwino, ndipo kuyambira 1994, pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana ambiri amene ankaphunzira ubusa potsatira akulu awo ali m'kalasi, chinthu chabwino chomwe chasiya ntchitoyi m'manja mwa anyamata aganyu. Malipiro awo ndi ochepa momvetsa chisoni, ndipo ng'ombe zikalowa m'dimba la munthu, mlandu ukafika kwa amfumu, kawirikawiri mkwiyo wa mwini khola umagwera iwo.

Lupsa nalo limagawanitsa anthu. Abusa ena amatentha udzu wouma kuti pamere msipu watsopano, pamene amayi omweta udzu wofolera nyumba ndi zigafa amaufuna wautali ndi wokhwima. Msipu wa palupsawo umaphuka ndi mphamvu yosungidwa m'mizu, ndipo ukadyedwa mobwerezabwereza mvula isanagwe, zitsa za udzu wabwino zimafa.

Alimi a ng'ombe za mkaka, amene amazisunga m'khola n'kumazimwetera chakudya, sanaithawe nkhani ya kaimidwe ka msipu, chifukwa nsenjere yosiyidwa mpaka kukhwima ngati bango imatsala m'chodyeramo, ng'ombe itasankhamo masamba okha. Ku Bunda, pafupi ndi Mitundu, komwe tsopano ndi mbali ya yunivesite ya LUANAR, ophunzira amaphunzitsidwa za kamwetedwe ndi kasamalidwe ka msipu, koma n'zodandaulitsa kuti pokambirana za kagawidwe ka dambo kumudzi, mbusa amene amadziwa pamene kapinga amachira msanga ndi pamene nthaka yayamba kugumuka nthawi zambiri amakhala ali kubusa.