Kusankha viza yoyenera pokakhazikika ku South Africa

Amalawi ambiri amene amapita ku South Africa kukafuna ntchito amalowa m'dzikolo ndi pasipoti yokha, popeza nzika za dziko lino zimaloledwa kukacheza kumeneko kwa masiku 30 popanda viza. Koma chidindo chimene amalandira pachipata cha Beitbridge kapena pabwalo la ndege la OR Tambo n'cha mlendo basi. Sichipereka ufulu wogwira ntchito, ndipo sichifikitsa munthu pa chilolezo chokhala m'dzikolo mpaka kalekale.

Kale nkhani ya zikalata sinkavuta chifukwa mabungwe a Wenela ndi Teba ndiwo ankalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni n'kuwabweza kwawo kontrakiti ikatha. Njirayi idatsekeka mu 1988 maiko awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza anthu kachilombo ka HIV. Lero aliyense amadzisankhira yekha viza motsatira lamulo la dzikolo la mu 2002 loona za anthu olowa ndi kutuluka, lomwe ndondomeko zake zidakhwimitsidwa mu 2014.

Maviza a ntchito amene munthu angapemphe payekha alipo atatu, ndipo amasiyana kwambiri pa kumene amathera.

Viza yoyamba ndi ya critical skills. Imeneyi ndi ya anthu amene luso lawo lili pamndandanda wa ntchito zosowa akatswiri womwe unduna wa za m'dziko wa South Africa umatulutsa. Pamndandandawu pamapezeka ntchito monga za mainjiniya, akatswiri a makompyuta ndi anamwino a maphunziro apadera. Wopempha ayenera kukhala ndi kalata yomulemba ntchito, masatifiketi ake aunikidwe ndi bungwe la SAQA, komanso alembetse ku bungwe loyang'anira ntchito yake, monga ECSA kwa mainjiniya kapena SANC kwa anamwino. Vizayi imaperekedwa kwa nthawi yosapitirira zaka zisanu. Popeza mndandandawu umasinthidwa nthawi ndi nthawi, n'kofunika kuona umene ukugwira ntchito panthawi yopempha.

Yachiwiri ndi general work visa, ya anthu amene apeza ntchito koma luso lawo silili pamndandanda uja. Mu October 2024, nduna ya za m'dziko a Leon Schreiber adakhazikitsa njira yowerengera mapointi. Wopempha ayenera kupeza mapointi 100 kuchokera pa maphunziro ake, malipiro amene walonjezedwa, zaka zimene wagwira ntchito, kudziwa chimodzi mwa ziyankhulo za boma, ndiponso ngati kampani yomulembayo ili m'gulu la makampani amene boma limawadalira. Amene ntchito yake ili pamndandanda wa critical skills amapeza mapointi onsewo nthawi imodzi, pomwe wa maphunziro ochepa ndi malipiro otsika zimamuvuta kuwakwanitsa.

Yachitatu ndi ya intra-company transfer, ya munthu amene kampani yake yamutumiza kukagwira ntchito kunthambi yake ya ku South Africa. Imeneyi imaoneka yophweka chifukwa kampani ndiyo imayendetsa zambiri, koma imatha pa zaka zinayi ndipo sawonjezera nthawi yake.

Kwa amene akufuna kukhazikika, kusiyana kwenikweni kuli apa. Gawo 26 la lamuloli limalola munthu amene wakhala ndi viza ya ntchito kwa zaka zisanu, ndipo walembedwa ntchito yokhazikika, kupempha chilolezo chokhala m'dzikolo mpaka kalekale. Gawo 27 limatsegulira akatswiri a critical skills njira yachidule ngati aonetsa umboni wokwanira wa luso lawo. Koma zaka zimene munthu wagwira ndi viza ya intra-company transfer siziwerengedwa, choncho amene waisankha poganiza kuti ndi khomo lokhazikikira amadzapeza kuti zaka zinayi zapita pachabe.

Pempho loyamba la viza ya ntchito limaperekedwa munthu asanachoke kwawo, ndipo kuno nkhanizi zimadzera kuofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Mwa zikalata zofunika pali pasipoti, kalata ya dokotala ndi kalata ya apolisi yotsimikiza ngati munthuyo adapalamulapo mlandu kapena ayi. Kuyambira mu 2014, mlendo saloledwa kusintha chilolezo chake kukhala viza ya ntchito ali m'dzikolo, kupatula pa zifukwa zapadera zochepa.

Chilango cha kupitirira masiku n'chowawa. Wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi, pomwe wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu. Ogwidwa opanda zikalata amasungidwa kumalo a Lindela ku Krugersdorp podikira kubwezedwa kwawo. Nazo zikalata zogula kwa madobadoba zikadziwika kuti n'zachinyengo zimaika mwini wake m'gulu la anthu oletsedwa kulowa m'dzikolo.

Kwa ogwira ntchito m'boma amene akulingalira zosamuka, n'kwanzeru kuyamba ndi kuunikitsa masatifiketi ndi kulembetsa ku bungwe loyenera, popeza izi zimatenga nthawi. Kalata yosiyira ntchito kuno iyenera kudikira mpaka viza yoyenerayo itamatidwa m'pasipoti.